Abiti Juma ndi Buluku la Agogo

Ndikakumbukira Abiti Juma, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la makala a m'simbi losakanikirana ndi la sopo wochapira, ndipo m'makutu ndimamva phwa! phwa! malaya onyowa akumenyedwa pamwala kuseri kwa mpanda wathu wa bango, dzuwa lisanatuluke n'komwe, uku kumsewu anyamata a minibasi zoyamba akuitanira anthu a ku Mangochi ndi a ku Liwonde. Anali aneba athu pa Ulongwe, mayi wa Chiyao, wamfupi, wa manja aakulu ngati a mwamuna, khungu la m'zala zawo litayera ndi kusupuka chifukwa chokhalitsa m'madzi. Ntchito yawo inali kuchapa ndi kusita zovala za aphunzitsi ndi za eni magolosale, ndipo pabwalo pawo pankakhala zingwe zitatu zodzaza malaya oyera amene ankakupiza ndi mphepo tsiku lonse, moti munthu wofuna kukafika pakhomo pawo ankayenda chowerama. Asanabwere pa Ulongwe anagwira ntchito zaka zambiri kuchipatala ku Balaka, osati ya unamwino iyayi, koma yochapa nsalu za pabedi za odwala ndi kukolopa m'mawodi. Kusukulu sanapondeko. Posaina ankadinda chala.

Ife ana tinkawaopa ndi kuwagomera nthawi imodzi, chifukwa mayi aja ankawerenga zovala monga mmene aphunzitsi amawerengera buku. Ukabwera ndi diresi lako la kutchalitchi kuti akusitire, ankangolitembenuza kamodzi n'kunena kuti, "Iwe, Lamulungu lapitali unakwera mumtengo wa bwemba ndi diresi limeneli, eti?" Ndipo zinkakhaladi zoona! Ankadziwa nyumba imene muli mwana wokodza pogona, ankadziwa mwamuna amene wayamba kuonda, ankadziwa mtsikana amene waima iye mwini asanawauze mayi ake. Koma pakamwa pawo panali potseka. Amayi akamawanyengerera kumjigo kuti anene za nyumba ya auje, ankangoseka n'kusenza ndowa yawo. "Chovala chimauza wochapa," ankatero, "sichiuza msika." Ine ndinawaona akutsegula pakamwa pamenepo kamodzi kokha, ndipo tsiku limenelo nkhani yake inali ya nyumba yathu.

Kwathu tinalipo awiri basi, ine ndi agogo anga aamuna, a Fabiano. Mayi anga anamwalira ndili wamng'ono, bambo sindinawadziwe, ndipo agogo aakazi anatisiya ndili mu sitandade folo. Abale ena onse anali kutali, ku Nayuchi ndi kutsidya kwa malire, ku Mozambique kumene makolo a agogo anachokera. Choncho ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri ndinali kale mayi wa pakhomo, wophika, wotunga madzi, wosesa ndi wochapa. Agogo ankapalasa njinga. Nyengo yokolola ankanyamula matumba a chimanga kuchokera m'midzi kudzatula pamasikelo a mavenda, awiri pakaliyala, lachitatu pakati pa felemu, ndipo madzulo ankafika fumbi lofiira lili mpaka m'nsidze, akununkha thukuta ndi gilisi wa tcheni. Anali munthu wonyada, wometa bwino, mkulu wa mphakati wathu wa Akatolika, amene malungo akawagwira ankangoti, "Ndatopa chabe." Ine ndinkadziwa chinthu chimodzi, chakuti munthu ameneyu akadzagwa, ine ndilibe kolowera.

Chaka chimenecho, pa tchuthi cha nyengo yozizira, ndinayamba kuona zachilendo. Agogo ankapalasa ataimirira pamapedulo ngakhale pamalo opanda chitunda, ngati mnyamata wachibwana, ndipo pachishalo anamangapo chisanza chochindikala. Pobwera madzulo sankakhalanso pakampando kawo ka thabwa. Ankakhala pamkeka chopendekera mbali imodzi, pena kudya ataimirira ngati munthu wa paulendo. Kuchimbudzi ankakhalitsa mpaka phala kuzizira, ine n'kumamva akutchima, ndipo potuluka thukuta lili kamukamu chonsecho kunja kuli chisanu. Nthawi zina ankazembera kuseri kwa nyumba n'kumadzikanda, akuyesa kuti sindikuona. Koma chimene chinandidabwitsa koposa n'chakuti anayamba kuchapa okha mabuluku awo, munthu amene sindinamuonepo atagwira sopo wochapira, n'kumayanika m'nyumba pamsomali m'malo mwa pachingwe.

Tsiku lina ndikusesa kuchimbudzi ndinaona madontho a magazi pakamwa pa dzenje, ndi chitsononkho chopukutira chimene chinakanirira m'mbali, chili psuu. Miyezi yochepa m'mbuyomo amayi a kutchalitchi anali atatilangiza atsikana za magazi a akazi, koma panalibe amene anatiuza kuti mwamuna naye angataye magazi. Ndinaganiza za ufiti. Ndinaganiza za agogo aakazi, mmene anayambira kudwala mwakachetechete mpaka tsiku limene sanadzukenso. Kufunsa sindikanatha. Mwana wamkazi ungayambe bwanji kuwafunsa agogo ako aamuna za kuchimbudzi? Ndinathira dothi pamadonthowo n'kukalira kuseri kwa nkhokwe.

M'mawa mwake agogo atachoka, ndinatenga buluku limene anabisa pansi pa mkeka wawo, ndinalikulunga m'chitenje n'kudutsa pampata wa mpanda. Ndinawapeza Abiti Juma akugwedeza simbi uku ndi uku kuti makala ayake, phulusa likuuluka n'kumawagwera pampango.

"Anganga," ndinatero, chifukwa ndi mmene tinkawaitanira, "dontho ili likukana kuchoka. Ndichape ndi chiyani?"

Bodza lachibwana! Analitambasula bulukulo, anayang'ana kumbuyo kwake, anandiyang'ana ine, n'kuika simbi pamwala.

"Magazi amachoka ndi madzi ozizira, osati otentha," anatero. "Koma iwe sunabwerere zimenezo. Khala pansi, Rozina."

Ndinayamba kulira, koma sananditonthoze. Anadikira mpaka ndinapukuta mamina, kenako anayamba kundifunsa mafunso limodzilimodzi ngati kubwalo la milandu.

"Amene unaona kuchimbudziwo anali ofiira ngati a nkhuku yongozinga kumene, kapena akuda ngati phula?"

"Ofiira, anganga."

"Unayamba liti kuwaona agogo ako akukhala chopendekera?"

"Chiyambire kukolola."

"Akudya? Lamba akumangira pabowo lomwe lija, kapena aboola lina?"

Apo ndinayamba ndaganiza. Lamba anali pomwe paja ndipo kudya ankadya, koma ndinawauza kuti dzana atatsika panjinga anatsamira khoma n'kunena kuti dziko likuzungulira. Nditanena zimenezo nkhope ya Abiti Juma inasintha.

"Tamvera, mwanangu. Si ufiti umenewu. Ikuoneka ngati nthenda ija timaitcha mudzi. Kumene kumatulukira chimbudzi kuli timitsempha ta magazi. Munthu akamadzimbidwa n'kumatchima, kapena akamanyamula zolemera tsiku ndi tsiku, kapena mayi akakhala ndi pakati, timitsempha timeneto timatupa. Kumayabwa, kumawawa, pena kamatuluka kanyama ngati mtedza, kamene kamabwerera kokha kapena kukanirira kunja, ndipo munthu akachita chimbudzi pamatsala magazi ofiira. Ambiri amene ndimawachapira ali nayo, ena mwa iwo ovala mataye. Kwa ambiri imazilala yokha akamamwa madzi ndi kudya masamba."

Mtima wanga unayamba kukhala pansi, koma iwo anakweza chala.

"Ndati ikuoneka ngati. Ine ndimaona buluku, sindiona m'mimba. Magazi otuluka kumeneko, kwa munthu wamkulu ngati agogo ako, miyezi chonchi, mpaka kufika pa chizungulire, amafunika maso a dokotala. Alipo matenda ena oopsa amene amayamba ndi magazi omwewa."

"Ndiye ndiwauze bwanji?"

"Iwe usawauze kanthu. Katundu ameneyu si wa mutu wako. Undipatse masiku ndione polowera."

Masikuwo sanapezeke. Lachitatu masana ndikuphika nandolo, anabwera mnzawo wa agogo wopalasa nawo njinga, ndipo awiriwo anaima pafupi ndi khitchini osadziwa kuti ine ndili mkatimo. Ankanena za bambo wina wa kutsidya kwa dambo amene ankatchuka kuti amadula mudzi ndi lezala n'kuthirapo mankhwala akuda osinja. "Mawa m'mamawa, achimwene," ankatero mnzawoyo. "Mutenge lezala latsopano ndi nkhuku. Kungodula kamodzi basi, sabata yamawa muli panjinga." Nditatuluka ndinaona thadzi lathu lakuda litamangidwa mwendo pamtengo wa malalanje, ndipo pawindo panali kapaketi ka malezala kosatsegula.

Ndinathamanga, nandolo n'kupserera pamoto. Abiti Juma anali ndi manja m'beseni, koma atamva za lezala anangoti m'Chiyao chawo, "Mlungu jwangu!" Anatsukuluza thovu m'manja, analowa m'nyumba, ndipo potuluka anali atavala nsalu yawo yabwino yopitira kumzikiti ndi mpango woyera, ngati akupita kukaonekera kwa akuluakulu.

Muyenera kumvetsa kulemera kwa chimene anachita mayi aja. Kwathu kuno mkazi salankhula ndi mwamuna wa eni za m'buluku mwake. Ngakhale mkazi wake weniweni amazungulira kutali, pena n'kutuma malume kapena mnzake wa mwamunayo. Nanga uyu mkazi wamasiye, wa chipembedzo china, wochapa zovala za anthu, kukayamba nkhani yotere kwa mkulu wa mphakati! Ine ndinkawatsatira pambuyo ndikupemphera kuti tiwapeze agogo atachoka.

Tinawapeza pakhonde akukonza tcheni. Abiti Juma anaodira, anakhala pansi padothi chapatali atatambasula miyendo, n'kupereka moni mwaulemu wonse. Anafunsana za chimanga, za mphepo imene inkawomba masiku amenewo, za mwana wa aneba ena amene ankadwala chifuwa. Kenako anatembenuzira maso kumtengo wa malalanje.

"Che Fabiano, nkhuku mwamangayo ikupita kuti?"

"Kwa mnzanga."

"Mnzanu wa lezala uja?"

Sipanala inagwa m'manja mwa agogo. Anandiyang'ana ine, ndipo diso limenelo sindidzaliiwala. "Rozina, lowa m'nyumba."

"Iyayi, mwanayo akhale," anatero Abiti Juma osakweza mawu. "Ndi amene akufotsera magazi anu kuchimbudzi. Ndi amene adzatsale yekha pakhomo pano. Amve."

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo. Agogo anaimirira mwaukali, mitsempha ya m'khosi itatuluka.

"Amayi, zaka zonsezi takhala mwaulemu. Lero mwabwera kudzandivula pakhomo panga, pamaso pa mdzukulu wanga? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Thupi ndi langa ili!"

"Ndi lanu ndithu," anayankha. "Tatambasulani dzanja lanu. Iwe Rozina, ika lako pambali pake."

Sindidziwa chimene chinawagwira agogo, koma anatambasula. Chikhatho changa chinali chofiirira monga cha munthu aliyense. Chawo, pansi pa gilisi wa tcheni, chinali mbuu ngati chaviikidwa mu ufa. Tonse atatu tinayang'anitsitsa manja awiriwo.

"Magazi achepa kale m'thupi mwanu," anatero Abiti Juma, "ndiye otsalawo mukufuna mukawapereke kwa lezala? Ine ndachapa nsalu za amuna amene ankabwera nawo pangolo atawadula chonchi. Imene ija ndi mitsempha, Che Fabiano, si njerewere. Ukadula, magazi savomera kusiya. Ena magazi akasiya, bala linkaola. Nsalu zina sitinkachapa n'komwe, tinkangotentha."

"Ambiri achira kwa bamboyo," anatero agogo, koma mawu anali atatsika.

"Amene sanachirewo mwawafunsa?"

Pamenepo Abiti Juma anayang'ana pansi n'kuyamba kutolatola timiyala, ndipo ananena nkhani imene palibe aliyense pa Ulongwe ankaidziwa.

"Amuna anga, Che Amadu, inu simunawaone, anamwalira ndisanabwere kuno. Iwonso anayamba chonchi. Ine ndinkawachapira ndipo ndinkaona zonse. Magazi poyamba anali ofiira, kenako akuda osakanikirana ndi chimbudzi. Lero kutsegula m'mimba, mawa kudzimbidwa. Lamba ankangoboola mabowo atsopano. Iwo ankati ndi mudzi chabe, uchira wokha. Ine, wogwira ntchito m'chipatala momwemo, ndinkadutsa pakhomo la dokotala tsiku lililonse nditasenza mtolo wa nsalu, koma ndinasunga ulemu. Ndinkati mkazi wabwino sachititsa manyazi mwamuna wake. Tsiku limene tinapita nawo anatiuza kuti si mudzi, ndi khansa ya m'matumbo, ndipo tachedwa. Ulemu wanga ndi umene unawaika m'manda amuna anga. Ndiye inu mundide, mundimane moni, palibe kanthu. Koma ine kukhalanso chete kachiwiri, iyayi."

Msozi sunatuluke m'maso mwawo. Anaimirira, anakutumula fumbi pansalu yawo n'kumanganso mpango.

"Mawa ndikhala pamsewu nthawi ya minibasi yoyamba. Tipite ku Balaka, kumene sakudziwani. Mukasankha wa lezala, njira mukuidziwa, koma mudutse pamaso pa mwanayu."

Madzulo amenewo agogo sanadye ndipo sanandilankhule. M'mawa ndinadzuka mtima uli m'malere, ndinasesa bwalo kawiri konse chifukwa chosowa chochita ndi manja anga. Nkhuku inali pomwe paja. Agogo anatuluka atavala jekete lawo la kutchalitchi n'kuima pakati pa bwalo nthawi yaitali, njira ya kudambo ili kumanzere, ya kumsewu ili kumanja, ine nditagwira tsache ngati ndauma. Kenako anawerama movutikira, anamasula thadzi lija, n'kunena osandiyang'ana, "Tseka chitseko. Uvale nsapato."

Abiti Juma tinawapeza pamsewu, zovala za eni atazisiya zili zonyowa m'beseni, chinthu chimene sanachitepo chiyambire. M'minibasi anapinda chitenje chawo ngati nkhata n'kuchiika pampando osanena kanthu, agogo n'kukhalapo osanenanso kanthu. Ulendo wonse aliyense ankayang'ana windo lake, ine ndili pakati pawo, fungo la usipa wouma wa mayi wina wa kumbuyo likutikuta tonse.

Koma pabenchi la kuchipatala ndi pamene ndinawagomera koposa. Mzere unali wautali, ana akulira, fungo la mankhwala okolopera lili ponseponse, ndipo titatsala pang'ono kufika pakhomo, Abiti Juma anaweramira kwa agogo.

"Mukalowa mukanena chiyani?"

"Ndikanena kuti m'thupi simuli bwino."

"Iyayi. Mukatero mutuluka ndi mapiritsi a mutu. Ndawaona amuna ambiri akulowa m'menemo ndi mudzi, pakhomo paja manyazi n'kuwagwira pakhosi, n'kuyamba kunena za msana ndi malungo. Dokotala si mlosi. Mukanene kuti ndikutaya magazi pochita chimbudzi, chiyambire kukolola, pali chotupa, ndipo ndikumva chizungulire. Tanenani ndimve."

Ha! Agogo anga, munthu amene amuna anzawo ankamuvulira chipewa, ananong'ona mawu amenewo ngati mwana wa katekisimu. Koyamba anadumpha mawu akuti chimbudzi, ndipo Abiti Juma anawabwezetsa. Kachiwiri ananena onse, Abiti Juma n'kugwedeza mutu.

Agogo anakhalitsa m'chipinda cha dokotala. Ine ndinkangoyang'ana mapazi a anthu odutsa, pamene Abiti Juma milomo yawo inkayenda, akupemphera chamumtima. Dokotala anapeza kuti unalidi mudzi, waukulu ndithu, ndiponso kuti magazi anali atachepa kwambiri m'thupi. Anawapatsa mapiritsi owonjezera magazi, mankhwala opaka ndi ofewetsa chimbudzi, anawaletsa matumba kwa kanthawi, ndipo anawalembera tsiku lobweranso kuti adzawaunike mkati bwinobwino, atsimikize kuti kulibe china chobisala. Tsiku limenelo tinapitanso atatu. Atawaunika, china sichinapezeke. Abiti Juma atamva, anakhala pansi pakhonde la chipatala n'kufunda mpango kumaso, ndipo ndi tsiku lokhalo limene ndinawaona akulira. Patapita miyezi, popeza chotupacho chinkakanirira kunja, agogo anawachita opaleshoni yaing'ono, ndipo mvula isanathe anali atabwerera panjinga.

Kunyumba zinthu zinasintha, ine ndili wolondera malamulo. Ufa woyera unachoka, tinayamba mgaiwa. Masamba sankasowa m'mbale, lero nkhwani, mawa chisoso, mkuja therere, ndipo papaya woyamba kupsa anali wa agogo. Panjinga ndinawamangirira botolo la madzi. Zitsononkho tinazichotsa kuchimbudzi n'kuikako kachitini ka madzi monga amachitira anzathu achisilamu, ndipo madzulo ndinkasiya beseni la madzi ofunda kubafa kuti akhalemo, osanena kuti ndi lachiyani. Agogo ankadandaula kuti ndawasandutsa mbuzi ndi masambawa, koma ankamaliza mbale yonse.

Mukuyesa kuti anathokoza? Aaa, simukuwadziwa a Fabiano! Dzinja lonse lathunthu sanawapatse moni Abiti Juma. Akawaona kumpanda ankawerama n'kumafinya matayala a njinga ngati aphwa. Ine zinkandipweteka kwambiri, mpaka tsiku lina ndinakawadandaulira mayi aja kuti agogo anga ndi osayamika. Anaseka mpaka anaika simbi pansi. "Asiye, mwanangu," anatero. "Akumanda sakwiya." Moni unabwerera wokha pang'onopang'ono. Poyamba kunali kukweza dzanja chapatali, kenako thumba la makala limene linkapezeka pakhomo pa Abiti Juma popanda wonena kuti latulidwa ndi ndani. Za tsiku lija awiriwo sanazitchulenso. Koma nthawi ina ndikudutsa pamtengo pamene apanjinga ankadikirira katundu, ndinawamva agogo akumuuza mnzawo wina chapambali kuti, "Ukaona magazi usatifunse ife, kafunse kuchipatala."

Abiti Juma anamwalira ine ndili kale pantchito ya uphunzitsi ku Liwonde, ndili ndi ana awiri. Pamaliro a Chisilamu akazi sitipita kumanda, choncho tinaima pakhomo kuyang'ana amuna akulandizana jeneza, chonyamulira maliro chija, phewa ndi phewa, akuyenda mofulumira monga amachitira. Pamenepo ndinaona agogo anga, okalamba, kolona ili m'khosi, ataponya ndodo yawo pansi, akudzipanikiza pakati pa amuna ovala mizuli. Anyamata anafuna kuwaletsa poona ukalamba wawo, koma anawakankha n'kulowetsa phewa lawo pansi pa jenezalo. Anayenda nalo mpaka anakhota kumsewu, osalola kuti wina awalandire.

Pobwera kumanda anakhala pakhonde nthawi yaitali akuyang'ana zingwe zopanda zovala kuseri kwa mpanda. Kenako ananena mawu amene anawasunga zaka zonsezo. "Rozina, mayi aja anandivula pamaso pako, ndipo ndinawada kwambiri. Koma ukwati wako ndinauona. Ana ako ndawanyamula m'manja mwangamu." Anayang'ananso kumpanda kuja. "Zikomo sindinawauze. Ndinkangoti ndinena mawa."

Lero ine ndine munthu wovuta, aphunzitsi anzanga amadziwa. Mnzanga akandinong'oneza kuti chiberekere mwana kumbuyo kukumuyabwa ndi kutupa, kapena kuti amuna ake akutaya magazi koma akubisa, sindizungulira. Ndimafunsa kuti magaziwo ndi otani, anayamba liti, thupi likutsika kapena iyayi. Ndimamuuza kuti magazi alionse akawaonetse kwa dokotala, ndipo akakhala akuda, kapena ochuluka, kapena pali chizungulire, kapena ululu woti munthu sangakhale pansi, ulendo wake ndi wa lero lomwe. Ena amanditcha wopanda manyazi. Manyazi ndili nawo ndithu, kungoti ndinaona kumene amafikitsa munthu.

Chaka chatha apongozi anga aamuna anabwera kudzakhala nafe, ndipo sipanapite mwezi ndinaona madontho kuchimbudzi. Amuna anga nditawauza anati iwo sangayerekeze kuwafunsa bambo awo zoterozo. Ndinavala chitenje changa chabwino, ndinakagwada pamaso pa munthu amene mwambo sundilola ngakhale kudya naye mbale imodzi, n'kuwauza zimene ndinaona. Anadzuka n'kundisiya ndili chogwada. Mpaka lero akandiona amayang'ana kumbali. Koma Lolemba lapitali ndinawaona atavala jekete, buku la kuchipatala lili m'thumba, akupita kukaonana ndi dokotala kachitatu. Moni wawo ndidzaulandira tsiku limene adzafune. Chachikulu n'chakuti alipo woti adzandipatse.